Za "lean" pa zomangamanga: zingagwire muno mu Harare, kapena n'za m'mapepala basi?

MdzukuluWaKapitawo:
Moni nonse pagulu. Ndikupempha nzeru kwa amisiri ndi mainjiniya amene muli muno. Chino ndi chaka changa chomaliza kusukulu, ndipo aphunzitsi andipatsa mutu woti ndifufuze komwe kafukufuku wa lean pa zomangamanga akulowera masiku ano. Ndawerenga mapepala kwa masabata atatu mpaka maso kuwawa. Onse akukamba za ku America, Finland, Chile, Brazil. Koma ndikatsika kombi ku Ruwa n'kuona momwe ife tikumangira, ndikuona kuti zawozo ndi zathuzi n'zotalikirana. Alipo muno anagwirapo ntchito pamalo pomwe amatsatira njira zimenezi? Zimathandiza, kapena ndingolemba zokondweretsa aphunzitsi n'kutenga pepala langa?

MdalaWaMufakose:
Lini ndiye chiyaninso mwana iwe? Ife tamanga Harare yonseyi popanda lini.

Wilibala263:
Kkkk a mdala, si lini wa funso ayi. Akuti ndi kumanga mosawononga. Mwachidule, bwana wapeza dzina lachizungu la kuchepetsa simenti m'matope.

InjiniyaWaMsasa:
Wilibala, apo wamuphonyetsa mwanayu. Kuba simenti n'kuba basi, sikukhudzana ndi nkhaniyi.

Ndiyambe ndi komwe zinachokera. Nzeruyi ndi ya ku fakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan. Kunali mkulu wina, Taiichi Ohno, amene ankadana ndi chilichonse chodya nthawi kapena ndalama koma chosawonjezera kanthu pa galimoto. Anatchula mitundu 7 ya kuwononga: kupanga zoposa zofunika, kudikira, kusamutsasamutsa katundu, kugwira ntchito yosafunika pa chinthu, kuunjika katundu, kuyendayenda kwa munthu popanda phindu, ndi kulakwitsa kofuna kubwereza. Mu 1992, Lauri Koskela wa ku Finland ali ku yunivesite ya Stanford ku America analemba lipoti lofunsa kuti bwanji omanga nyumba osatengerapo phunziro. Chaka chotsatira, 1993, ofufuza anakumana ku Espoo ku Finland n'kuyambitsa gulu lofufuza za lean pa zomangamanga lotchedwa IGLC, lomwe limachita msonkhano chaka ndi chaka mpaka lero. Mu 1997 Glenn Ballard ndi Greg Howell anakhazikitsa Lean Construction Institute ku America.

Tsono iwe Mdzukulu, taganiza za malo aliwonse omwe unaonapo akumanga. Anyamata asanu akhala pa mulu wa mchenga chifukwa madzi sanabwere. Njerwa anazitsitsira ku geti, ndipo wina akuzituta pa wilibala tsiku lonse. Khoma lapakidwa pulasitala, wamagetsi wafika mawa lake n'kuyamba kuligoba kuti aike mapaipi. Zitatuzo ndiye lean akulimbana nazo. Simenti ya m'matope sakuikhudza n'komwe.

Wilibala263:
Chabwino bwana injiniya, ndamva. Koma kugoba khoma la pulasitala ndi mwambo wathu, musautchule kuti kuwononga.

NaMabvuku:
Ine ndimawerengera mitengo ndi kuchuluka kwa zipangizo pa kampani ina m'tauni muno, ndipo ndinagwirapo zaka ziwiri ku Cape Town komwe tinkagwiritsa ntchito Last Planner, njira ya lean yokonzera ntchito sabata ndi sabata. Ndikufotokozere momwe zinkayendera, chifukwa m'mapepala amazikulitsa koma n'zosavuta.

Lachisanu lililonse makapitawo onse ankakumana mu kontena: wa njerwa, wa zitsulo, pulamba, wamagetsi, kalipentala. Pakhoma panali mapepala omata amitundumitundu, aliyense mtundu wake. Tinkayang'ana masabata 6 akutsogolo n'kufunsa pa ntchito iliyonse kuti chingailepheretse n'chiyani. Pulani ilipo? Zipangizo zafika? Anthu alipo? Wakutsogolo wamaliza mbali yake? Ntchito yomwe ili ndi chopinga sinkalowa mu ndondomeko ya sabata yamawa, ngakhale bwana wamkulu akalipe. Kenako kapitawo aliyense ankalonjeza ndi pakamwa pake zomwe achite. Chachilendo n'chakuti ankaloledwa kunena kuti "ayi, izo sindikwanitsa." Sabata ikatha tinkawerenga kuti pa malonjezo onse, angati akwaniritsidwa ndendende. Nambala imeneyo amaitcha PPC.

MdalaWaMufakose:
PPC ndiye tikuidziwa. Thumba lake ndi makilogalamu 50.

Wilibala263:
Kkkkk a mdala mwandipha.

NaMabvuku:
Iii a mdala, osati simenti ya ku Msasa ija! Zilembo zangofanana. Iyi ndi peresenti ya ntchito zolonjezedwa zomwe zathadi. Ballard ndi Howell atayamba kuyeza ku America anapeza kuti pa ntchito zomwe makapitawo ankati zichitika sabata imeneyo, zongopitirira theka pang'ono ndi zomwe zinkachitikadi. Ku America kumeneko, komwe magetsi sathima. Ndiye muganize zathu. Ndipo ntchito ikalephereka, umalemba chifukwa chake. Pakatha miyezi iwiri umaona wekha kuti chomwe chikukupwetekani ndi chimodzimodzi sabata ndi sabata.

KapitawoWaNorton:
Achemwali, zonsezo n'zokoma pomva, koma tiyeni tinene zoona. Ku Toyota amati katundu afike pa nthawi yomwe akufunika, osaunjika. Yesani zimenezo kuno muone. Kumapeto kwa 2023 simenti inasowa m'masitolo, mtengo unakwera tikuona, ndipo amene anapitiriza kumanga ndi okhawo anali ataunjika matumba. Ife tinaona ndalama itagwa mphamvu mu 2008. Tinaona ndalama ya bond, tinaona ya RTGS, mu April 2024 kunabwera ya ZiG. Munthu wa muno akapeza ndalama amathamangira kukagula njerwa ndi malata, chifukwa njerwa sizigwa mphamvu usiku. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye wina akhale ku Finland azindiuza kuti mulu wa njerwa ndi kuwononga? Mulu umenewo ndiye banki yanga.

MaiAwiri_Leeds:
Apa a Kapitawo mwanena zenizeni, koma banki imeneyo inandiliza ine. Ndikumanga ku Budiriro ndili kuno ku UK. Ndinatumiza ndalama yogulira matumba 120 a simenti nthawi imodzi kuopa kukwera mtengo. Mmisiri anapeza ntchito ina, anasowa miyezi inayi, mvula inabwera. Atabwerera, matumba apansi onse anali miyala. Ena akuti anabedwa, wakuba sakudziwika, koma mlamu wanga wamanga khola la nkhuku lokongola kwabasi.

Wilibala263:
Pepani mayi, koma khola la nkhukulo ndaseka.

InjiniyaWaMsasa:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo pamenepa Mdzukulu atchere khutu chifukwa mutu wa kafukufuku wake uli pompa. Ofufuza a lean enieni sanena kuti usasunge kanthu. Amati pomwe zinthu sizidalirika umayenera kudziteteza, ndipo zodzitetezera zilipo zitatu: kusunga katundu, kusiya nthawi yapadera, kapena kukhala ndi anthu ndi makina oposa ofunika. Funso ndi lakuti usunge chiyani, chochuluka bwanji, kuti. Njerwa, malata ndi zitsulo zimadikira. Simenti siidikira, pakatha miyezi itatu imayamba kufooka ngakhale uisunge pouma. A Kapitawo akulondola pa njerwa, MaiAwiri anapsa pa simenti. Ndani anakhalapo pansi n'kuwerenga kuti m'dziko lomwe ndalama imasinthasintha chonchi, kontrakitala wamng'ono asunge zochuluka bwanji? Ine pepala lotero ndingaliwerenge mpaka kumapeto.

MdzukuluWaKapitawo:
Zikomo kwambiri. Koma aphunzitsi akufuna ndionetse komwe kafukufuku akulowera padziko lonse. Ndazigawa motere, mundikonze. Poyamba anthu ankalemba kwambiri za Last Planner. Kenako anayamba kuphatikiza lean ndi BIM, kuja kojambula nyumba yonse pa kompyuta mpaka mapaipi ndi mawaya kuti muone pomwe zikugundana musanamange. Rafael Sacks wa ku Technion ku Israel ndi Koskela analemba za mgwirizano wa ziwirizi mu 2010. Pano kwadzaza za makamera, ma drone ndi timasensa totsata anthu ndi katundu. Palinso za kupangira zigawo za nyumba ku fakitale, za takt, ndi za kuteteza chilengedwe.

WakuDedza:
Takt ndiye chiyani? Mutiuze m'Chichewa, ena tinathawa sukulu.

NaMabvuku:
Ndi liwu la Chijeremani, limatanthauza kugunda kwa nyimbo, ngati ng'oma. Mumagawa nyumba m'zigawo zofanana ntchito, tinene zipinda zinayi zinayi. Gulu lililonse la amisiri limakhala m'chigawo chimodzi masiku ofanana, mwina asanu, kenako onse amasuntha limodzi ngati mabogi a sitima. Wamagetsi atuluke, wa pulasitala alowe, kumbuyo kwake wa matailosi, kumbuyo wa penti. Ku Germany, Finland ndi Norway akuzikonda kwambiri. Zimakoma pa mahotela, zipatala ndi ma flat pomwe zipinda zimafanana.

KapitawoWaNorton:
Ng'oma imeneyo a ZESA akazimitsa magetsi imalira bwanji? Wowotcherera zitsulo wakhala, sitima yonse yaima.

WakuDedza:
Mwatchula ng'oma mwandikumbutsa. Kodi gule wa ku Tafara uja Loweruka alipo? Ndamva kuti kuli chiliza.

MdalaWaMufakose:
Alipo. Koma ana a masiku ano nyimbo akuziimba mosakaniza ndi Chishona, mpaka wina kumati sadza pamaso panga. Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Ntcheu nthawi ya Federation, anamwalira osanenapo sadza.

Wilibala263:
A mdala, nsima ndi sadza ufa wake ndi umodzi. Komanso Chichewa chili mu malamulo a dziko lino kuyambira 2013, pa zilankhulo 16 zija. Sichikutha.

MdalaWaMufakose:
Chili m'malamulo, m'nyumba mwanu mulibe.

MlondaWaGulu:
Abale, za gule ndi za nsima zili ndi tsamba lake. Mwanayu akufuna thandizo la sukulu. Tibwerere.

MphunzitsiWopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinaphunzitsapo za zomangamanga zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndilankhule ngati woyesa mayeso.

Mdzukulu, magawo ako ali bwino, koma wasiya awiri. Loyamba ndi la makontrakiti. Ku California, gulu la zipatala la Sutter Health linayamba kumanga ndi mgwirizano umodzi womanga pamodzi mwini nyumba, wojambula pulani ndi kontrakitala, kuti phindu ndi kuluza zikhale za onse. Kumeneko ndi komwe kunakulira njira yoyamba ndi mtengo womwe mwini angakwanitse, kenako n'kujambula nyumba yolowa mu mtengowo, m'malo mojambula kaye n'kumadzadabwa mtengo pambuyo. Chifukwa cha mgwirizano wotere n'chosavuta: ngati pulamba amalipidwa pa mamita a mapaipi omwe waika, alibe chifukwa chodikira mnzake. Lachiwiri ndi la anthu. Mu 1999 Stuart Green wa ku Reading ku England anadzudzula kuti lean ikhoza kukhala njira yofinyira antchito mowaveka mawu okoma. Ambiri sanakondwe naye, koma funso lake silinafe, ndipo masiku ano ofufuza akubwerera ku nkhani ya kulemekeza wantchito ndi chitetezo chake.

Tsono chomwe chimanditopetsa ine. Mapepala ambiri ochokera ku Africa kuno ndi amtundu umodzi. Munthu amatumiza mafunso kwa mainjiniya, "mukugwirizana nazo kwambiri, pang'ono, kapena ayi," n'kutulutsa mndandanda wa zopinga: mabwana safuna, anthu sanaphunzitsidwe, chikhalidwe. Wina ku dziko lina abwereza zomwezo, zopinga zomwezo. Enanso masiku ano sapita n'komwe pamalo omangira, amangowerenga mapepala a anzawo mu Scopus, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku, n'kujambula timizere toonetsa mawu omwe akutchulidwa kawirikawiri. Zili ndi ntchito yake, koma nsapato zawo zilibe fumbi. Taona anzathu a ku South America. Luis Alarcón ku Chile ndi Carlos Formoso ku Porto Alegre ku Brazil anatchuka chifukwa ankalowa m'makampani, kuyesa njirazi pa nyumba zenizeni, n'kuyeza zotsatira. Maiko awonso anaonapo mavuto a ndalama. Ngati ukufuna oti uwatsanzire, yang'ana kumeneko kusiyana ndi ku Finland. Pafupi pompa, Fidelis Emuze ku South Africa walemba zambiri, umufufuze.

MdzukuluWaKapitawo:
Aphunzitsi, mwandigwira pakhosi. Mafunso otero ndinali nditawakonza kale, 25, ndimati nditumize Lolemba.

MphunzitsiWopuma:
Usawataye, koma asakhale okhawo. Pita pamalo amodzi, khala masabata asanu ndi atatu ndi kope ndi pensulo.

DagaboyiWakale:
Ndiloleni nanenso, ine amene ndinayamba ndi kukanya matope ndisanagwire njerwa. Zomwe a Green akunenazo ndi zomwe ndimaopa. Ife timalipidwa pa njerwa kapena pa gawo: maziko mtengo wake, kufika pa windo mtengo wake, lintala, denga. Tsiku lomwe mchenga sunabwere, bwana saluza kanthu, ndine ndaluza tsiku ndi ndalama ya kombi. Ndiye mukati muchotsa kudikira, ine ndivomera ndi manja awiri. Koma ndinagwirapo pa kampani ina yomwe inabweretsa zoyeza nthawi. Munthu ndi foni kumakujambula, kuwerenga kuti wapita kangati kukamwa madzi. Mapeto ake anachotsa anyamata atatu, ife otsala ntchito inachuluka, malipiro omwewo. Ngati lean ndi imeneyo, ikhale konko.

NaMabvuku:
Achimwene, imeneyo si imene ndinaiona ine, komabe sindingakutsutseni, chifukwa mabwana ambiri amatola mbali yomwe yawakomera. Chomwe ndinaona n'chakuti nambala ija ikangosanduka chikwapu, makapitawo amayamba kulonjeza zochepa kuti aoneke akhoza. PPC imakwera mpaka 90, nyumba osayenda. Ndipo vuto lalikulu kuno si zida. Ndi lakuti wamng'ono kunena "ayi" kwa wamkulu timakuyesa mwano. Kapitawo amati "zitheka bwana" akudziwa kuti lole ya kwale sinalipiridwe.

MdalaWaMufakose:
Apo mwanena. Koma musaganize kuti zonsezi n'zatsopano. Kapitawo wathu wakale m'ma 1970 ankatisonkhanitsa m'mawa uliwonse tisanagwire fosholo, aliyense anene chomwe achite ndi chomwe chikumusowa. Madzulo ankayenda ndi kabuku. Zida zinkagona pamalo pake, ukasiya levulo pansi unkaitanidwa dzina la amako. Sankatchula lini.

InjiniyaWaMsasa:
A mdala, ofufuza nawonso amavomereza zimenezo. Amakonda kutchula Empire State Building ya ku New York, nsanjika 102, yomwe inatha mu 1931 patangopita chaka ndi mwezi umodzi kapena iwiri chiyambire. Kompyuta kunalibe. Zitsulo zinkafika zolembedwa manambala n'kukwezedwa osagona pansi. Nzeru zinalipo, zinangotayika pakati.

Wilibala263:
Nanga Matchaina aja anamanga chipatala ku Wuhan masiku khumi mu 2020? Ndi lean imeneyo? Chifukwa nyumba ya Malamulo ku Mt Hampden anaimanganso ndi iwowo, ife tikungoona.

InjiniyaWaMsasa:
Cha ku Wuhan chinali cha zigawo zopangiratu ku fakitale, kuphatikiza anthu masauzande usana ndi usiku. Kuthamanga kokha si lean, ukhoza kuthamanga ukuwononga. Koma kupangiratu zigawo ndi nkhani yomwe ikufufuzidwa kwambiri, ndipo ife timachita kale pang'ono osadziwa. Mafelemu a mawindo ndi zitseko timakagula ku Magaba ku Mbare opangapanga. Madenga ambiri amabwera ndi matrasi, mitengo ya denga ija, okhomakhoma kale. Mpanda wa durawall uja ndi konkire youmbiratu. Vuto n'lakuti felemu ya ku Siyaso, msika wa ku Magabako, ndi bowo lomwe wasiya womanga nthawi zina sizigwirizana, ndiye nyundo imalowapo. Fakitale imafuna miyeso yosasintha.

MaiAwiri_Leeds:
Ine funso langa ndi la ife omanga tili kutali. Nyumba zambiri ku Harare South, ku Ruwa, ku Chitungwiza zikumangidwa ndi ndalama za ku UK ndi ku Joni, pang'onopang'ono, mwezi uno lintala, Disembala denga. Kodi alipo wofufuza amene amaganiza za ife? Chifukwa zomwe mukukambazi ndi za makampani a makreni.

MphunzitsiWopuma:
Mayi, funso lanulo ndi lomwe ndikanakonda mwanayu atenge. Zambiri zomwe ndawerenga ine ndi za ntchito zikuluzikulu. Koma nyumba yanu ilinso ndi zonse zomwe lean amakamba: ndalama imabwera modukizaduka, mmisiri ali ndi malo atatu nthawi imodzi, mwini ali kutali, wosunga katundu ndi mlamu. Mdzukulu akhoza kutenga nyumba zitatu zotere, n'kuyesa chinthu chimodzi chokha: Lamlungu lililonse pa WhatsApp, mmisiri, mwini ndi wogula zipangizo agwirizane ntchito za sabata, ndipo ndalama itumizidwe ya ntchito zomwe zilibe chopinga basi. Loweruka awerenge zomwe zatha, alembe zifukwa za zomwe zakanika.

KapitawoWaNorton:
Mmisiri wake uti angavomere kuwerengedwa chonchi? Adzati mukumuyesa wakuba.

DagaboyiWakale:
Ine ndingavomere, bola zifukwazo zilembedwe zonse. Tsiku lomwe mayi achedwa kutumiza ndalama lilembedwenso, osati za mmisiri zokha.

MaiAwiri_Leeds:
Kkkk mwandibaya, koma n'zoona, Ogasiti ndinachedwa masabata awiri. Ndavomera. Mdzukulu, nyumba yanga ilipo, tatsala ndi pulasitala, magetsi ndi matailosi. Ukafuna uyambire pamenepo.

WakuDedza:
Za chilengedwe zija simunazikambe. Kumudzi ku Malawi boma linaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma chifukwa cha mitengo. Kuno mchenga akukumba usiku m'madambo mpaka maenje ngati migodi.

NaMabvuku:
Zikugwirizana ndithu. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni padziko lonse, ndiye thumba lililonse louma ngati a MaiAwiri aja, khoma lililonse logumulidwa, ndi utsi wopita pachabe. N'chifukwa chake mapepala ambiri atsopano akuphatikiza lean ndi chilengedwe. Koma samalani, sizigwirizana nthawi zonse. Kubweretsa katundu pang'onopang'ono kumatanthauza maulendo ambiri a lole, dizilo wambiri.

MdzukuluWaKapitawo:
Ndathokoza nonse. Ndilemba gawo loyamba za komwe kafukufuku akulowera monga aphunzitsi akufunira, koma gawo lachiwiri ndikawapempha kuti ndichite za nyumba zitatu zija. Ya MaiAwiri ndi imodzi. A Kapitawo a ku Norton, mungandilole ndibwere kwanu ngakhale simukukhulupirira? Ndikufuna wina wotsutsa.

KapitawoWaNorton:
Bwera, koma ubwere ndi magambutsi ndi chipewa, ndipo 7 koloko ikupeze pa geti. Ukafika ndi nsapato za ku ofesi ndikupatsa wilibala. Za kulonjeza Lamlungu tikaonera komweko, ine Lamlungu ndimakhala ku bwalo la Rufaro timu ya mpira ya Dynamos ikamasewera.

DagaboyiWakale:
Yachitatu ndikufunsira kwa amene ndikuwamangira ku Glen View, koma mwini wake ndi wovuta, amayankha mauthenga pakati pa usiku.

MdalaWaMufakose:
Mwana iwe, agogo ako a kapitawowo anali a kuti? Mwina tinagwira limodzi.

MdzukuluWaKapitawo:
Anali a ku Highfield a mdala, kwawo kwenikweni ku Dedza. Ndikuuzani dzina ku inbox.

WakuDedza:
Dedza mbali iti? Nanenso ndilembere.